Kuphunzira malamulo paokha kapena pamodzi ndi maphunziro ena

Pa yunivesite pali njira ziwiri zophunzirira maziko a malamulo. Yoyamba imayang'ana lamulo palokha: likuti chiyani, analikhazikitsa ndani, makhoti analimasulira bwanji. Mu 1934 katswiri wa zamalamulo wa ku Austria, Hans Kelsen, analimbikira kuti maphunziro a malamulo asasakanikirane ndi ndale. Njirayi imanola wophunzira kuwerenga mosamala, ndipo loya amene sanaidutse amasowa chonena pamaso pa woweruza.

Yachiwiri imabweretsamo mbiri yakale, zachuma ndi maphunziro a kaganizidwe ka anthu, n'kumafunsa kuti lamuloli likupindulira yani, likupweteka yani. Taonani mlandu wa Brown v. Board of Education ku America mu 1954. Akatswiri a zamaganizo, Kenneth ndi Mamie Clark, ankaonetsa ana achikuda zidole zoyera ndi zakuda, ndipo ambiri ankaloza choyera kuti ndicho chabwino. Zomvetsa chisoni kwambiri. Khoti Lalikulu linatchula kafukufuku wotereyu pogamula kuti kulekanitsa ana m'sukulu za boma potengera khungu n'kosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko.

Ine mtima wanga uli ku njira yachiwiriyi, ngakhale ili ndi msampha wake: wophunzira amathamangira kudzudzula lamulo lomwe sanaliwerenge mpaka kumapeto. Choncho chaka choyamba ndingachipereke ku njira ya Kelsen, mafunso ovutawo n'kubwera pambuyo pake.