Penti woyera kapena wa kirimu: pabalaza mupake uti?

Popenta nyumba yathu ku Area 25 ku Lilongwe, mayi a kunyumba ankafuna woyera, ine wa kirimu. Tinangogawana: pabalaza woyera, m'kolido ndi kuzipinda kirimu. Onse anali PVA, wosungunula ndi madzi uja, wa m'ndowa za malita 20.

Woyera ndi wokongola, zimenezo sitingakangane. Pabalaza panaoneka ngati pakula, ndipo magetsi akathima kandulo imodzi imakwanira chifukwa makoma amabweza kuwala. Koma dikirani Okutobala afike. Fumbi lofiira la ku Lilongwe lino limalowa ngakhale mutseke mawindo, n'kukakhala pakhoma ngati mwachita kuwaza. Pozungulira switchi pali tizala ta ana. Kuseri kwa sofa, pomwe ndimatsamiritsa mutu poonera mpira, pali chibanga cha mafuta chondineneza. Tsiku lina kukugwa mvula tinalowetsa mbaula, mwaye wake ulipobe mpaka lero. Ndipo PVA wotchipa sachapika: mukapukuta ndi kansalu konyowa banga limangofalikira, mukalimbikira penti amatsalira pakansalupo.

M'kolido ana amadutsamo kuposa pabalaza, akukhula manja m'makoma, koma mlendo sangadziwe. Litsiro lilipo ndithu, kungoti fumbi lathuli ndi kirimu n'zapachibale, ndiye zimabisana.

Vuto la kirimu lili kusitolo. Kirimu si mtundu umodzi: pali magnolia, pali ivory, pali cream weniweni, ndipo kampani iliyonse imasakaniza mwakemwake. Ife anatithera khoma limodzi lisanathe, ndinakagula chitini cha malita 5 cha kampani ina poganiza kuti kirimu ndi kirimu basi. Dzuwa likalowa pawindo, chigamba chake chimaonekera uli pakhomo. Gulani wokwanira kamodzi, ndipo dzina la pachivindikiro mulijambule pafoni. Babu nayenso ngofunika: wachikasu amachititsa kirimu kuoneka ngati khoma lakalekale, pomwe LED woyera amamukhalitsa bwino. Musanagule ndowa yonse, pakani kachigawo pakhoma, kaume, mukaone masana ndi usiku.

Kusiling'i pokha sindikunyengererani, pakani woyera. Kachipinda ka windo laling'ono, chimodzimodzi. Koma pabalaza pathu mvula ikangotha tikupakapo kirimu. Mayi avomera, bola makatani akasankhe okha.