Ndemanga pa bwato la munthu mmodzi losemedwa ku Nkhotakota

Bwatoli ndinagula mwezi wa Epulo kwa mmisiri wina wa ku Nkhotakota, ndipo ndadikira kuti nyengo ya mwera idutse ndisanalembe ndemanga, popeza bwato silidziwika nyanja ili bata. Ndi la mtengo wa mango, lotalika pafupifupi mamita 4, ndipo ndimalipalasa ndekha pokatchera matchera.

Tsiku loyamba ndinaganiza kuti ndataya ndalama. Kunsi kwake n'kozungulira ngati mtsuko, choncho nditangopondamo pagombe linayamba kupendekeka uku ndi uku, mpaka ana amene ankatsuka mbale anandiseka. Bwato langa lakale linali lophwatalala kunsi, ndipo munthu ankatha kuimiriramo osaopa kanthu. Nditadandaula, mmisiriyo anangoti ndikaliyese pa mafunde, ndipo lero ndikuvomereza kuti ankanena zoona. Bwato lophwatalala limatsatira mmene madzi apendekera, kotero funde likabwera cham'mbali limanyamula mbali imodzi yonse, ndipo likapitirira malire limagubuduka mosachenjeza. Ili lozungulira limalola funde kudutsa pansi pake. Limapendekeka msanga, inde, koma likafika pena limalimba n'kubwerera lokha, malinga ngati wopalasa samasula chiuno mochedwa kapena kuumitsa thupi. Mu Julayi mwera unandipeza ndili kutali ndi gombe, ndipo ndinakocheza madzi olowa ali ochepa.

China chimene chinandithandiza tsikulo ndi milomo yake, yomwe mmisiri anaipindira mkati monga amasemera mabwato ambiri a pa nyanja ya Malawi, kusiya mpata wopapatiza pamwamba. Madzi akamenya m'mbali amatsetserekera kunja. Kuipa kwake n'kwakuti kukapa madzi kumavuta, ndipo chigubu chimene ndinkakapira kale sichilowa, moti ndinachita kudula china chaching'ono.

Wogula adziwenso kuti munthu akakhala kumbuyo ali yekha, mutu wa bwato umadzuka ndipo mphepo imaukankhira kumbali, nkhafi n'kumagwira ntchito yowongola m'malo mopititsa bwato patsogolo. Ine ndimaika matchera ndi mwala wa nangula kutsogolo, pansi penipeni, ndipo likalemedwa chotero limayenda mowongoka ndiponso limachepetsa kugwedezeka.

Chodandaula changa chili pa mtengo. Mango salimba ngati mbawa kapena mlombwa, mitengo imene masiku ano ikusowa, ndipo patangotha miyezi 5, kumbuyo kwa bwatoli kunaoneka mng'alu umene ndaumata ndi phula ndi kachidutswa ka lata. Mbali ya kumanzere anaisiyanso yochindikala pang'ono, moti bwato likakhala lopanda katundu limayedzamira komweko. Kwa msodzi wozolowera nyanja ndikulivomereza, koma amene akuphunzira kumene kupalasa ayambe waliyesa pamadzi osaya kwa masiku angapo asanapite nalo kwakuya.