Kumvetsera pansi pa nyanja kapena kuboola: njira iti ku Gulf of Cadiz?

Madzi amchere kwambiri a m'nyanja ya Mediterranean akatuluka pa mpata wa Gibraltar kulowa m'nyanja ya Atlantic amamira chifukwa cholemera, n'kumayenda chammbali motsatira mtsetse wa pansi pa nyanja kugombe la Spain ndi Portugal, m'dera lotchedwa Gulf of Cadiz. Pomwe akuthamanga amakokolola matope n'kusiya mchenga. Pomwe afooka amaunjika matope mpaka kupanga zitunda zikuluzikulu, monga Faro Drift. Wofuna kufufuza zimenezi ali ndi njira ziwiri: kutumiza phokoso pansi n'kumvetsera mmene likubwererera, kapena kuboola n'kutulutsa matopewo m'paipi.

Mtengo: phokoso limatheka ndi sitima wamba ya kafukufuku. Kuboola mozama kumafuna sitima yapadera ngati JOIDES Resolution, yomwe inagwira ntchito kuderali kuyambira mu November 2011 mpaka January 2012, ndipo tsiku lililonse panyanja limadya ndalama zochuluka.

Kukula kwa malo: phokoso limajambula dera lalikulu. Paipi imaona pamalo amodzi basi.

Zotsatira, apa ndiye pagona nkhani. Phokoso limaonetsa maonekedwe a zitunda ndi ngalande, koma silinena zaka zake. Matope a m'paipi ali ndi tizigoba ta tizilombo tam'nyanja, ndipo timeneti timaulula nthawi imene madzi anathamanga kapena kufooka. Matopewo amasungikanso m'zipinda zozizira kwa zaka zambiri.

Woyala kebulo ya intaneti pansi pa nyanja ayambe ndi phokoso. Wofufuza nyengo zakale sangachitire mwina, ayenera kuboola, komabe mapu a phokoso ndiwo amamuuza poboola.