Chip ya DSP kapena pulogalamu: tikonzere chiti mawu kuno ku Chigwa cha Shire?

Anzanga opanga mapulogalamu, mukapatsidwa ntchito ya mawu, kaya ndi chimkuzamawu cha pa tchalitchi ku Nchalo kapena mauthenga ochenjeza za madzi osefukira ku Nsanje, muyenera kusankha: mawuwo akonzedwe ndi chip yakeyake ya DSP (kachipangizo kongokonza mawu), kapena ndi pulogalamu pa kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi kapena laputopu?

Ine ndimayamba ndafunsa ngati mawuwo azimveka pomwe munthu akulankhula. Zikatero, kuchedwa kulikonse kumamveka. Pa 48 kHz, kompyuta imagawa sekondi iliyonse ya mawu m'tizidutswa (masampulo) 48,000; buffer, pomwe imayamba yasonkhanitsa masampulo isanawakonze, ikakhala ya masampulo 256 imatenga mamilisekondi 5.3, ndipo poti mawu amalowa n'kutulukanso, nthawiyo imawirikiza. Mukaichepetsa kwambiri buffer, Linux yoyendetsa kompyutayo ikangotanganidwa ndi zina, mawu amadukaduka. Chip ngati ADAU1701 ya Analog Devices imakonza sampulo imodziimodzi, choncho mlaliki samva mawu ake akumutsatira m'mbuyo.

Koma chomwe chimandikokera ku chip kuno kwathu ndi kutentha ndi magetsi. Mwezi wa Okutobala ku Ngabu kutentha kumapitirira madigiri 40, nanji m'kabokosi kapulasitiki pansi pa malata! Raspberry Pi ikatentha kufika madigiri cha m'ma 80 imachepetsa yokha liwiro, ndipo mawu ndiwo amayamba kuvutika. Tikukumbukiranso Januwale 2022, pomwe namondwe Ana adawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi 130 MW. Magetsi akazima mwadzidzidzi, SD card ya Raspberry Pi ikhoza kuwonongeka, ndipo ine zidandichitikirapo tsiku lomwe anthu adali atakhala kale pansi kudikira. ADAU1701 imadzuka yokha powerenga EEPROM (kachip kosungira pulogalamu yake), ndipo kabatire ka sola kamaikwanira.

Malire ake ilinawo. Pa 48 kHz imangolola malangizo 1,024 pa sampulo iliyonse: okwanira EQ (yolinganiza kamvekedwe ka mawu) ndi limiter (yoletsa mawu kukwera mopitirira muyeso), koma osati zochotsa phokoso zamakono. SigmaStudio, pulogalamu yolembera malangizo a chipyi, imafuna Windows. Chipyo ikapsa, muitanitsa kunja, ndipo ndalama zakunja mukudziwa mmene zikuvutira.

Mawu ojambuliratu ndiye musavutike n'chip ayi. Uthenga wa m'Chisena kapena m'Chimang'anja womwe mwajambula pa msika wa Bangula, njinga zamoto zikulira kumbuyo, pulogalamu ya RNNoise imauchotsa phokoso, ya FFmpeg n'kulinganiza kukwera kwa mawu. Mukaupanikiza ndi Opus (njira yochepetsera kukula kwa fayilo ya mawu) pa 16 kbps, mphindi imodzi imakhala pafupifupi 120 KB, yomwe imadutsa ngakhale netiweki ikufooka, osamaliza bando ya mfumu kapena mlangizi wolandirayo. Zonsezi n'zaulere, ndipo mukalakwitsa mumakonza madzulo omwewo, osagwira waya.

Amene mwagula kale Raspberry Pi ndipo mukufuna ikhale pa chimkuzamawu, iikireni heatsink (kachitsulo kochotsa kutentha) ndi kafani, SD card ikhale yongowerenga, ndipo muiyese masana a Novembala, osati m'mawa wa Juni.