Karate, nkhonya, judo kapena Krav Maga: muphunzire ziti ngati mumayenda usiku?

Chilandidwireni foni mnzathu wina wa kabaza wa njinga yamoto pa msewu wa ku Calomue, anyamata kuno ku Ulongwe akhala akundifunsa masewera oti alowe kuti azidziteteza. Karate ndinachita zaka zitatu ndili pasukulu mumzinda wa Tete, kenako ndinalowa nkhonya, judo ndinangoilawa miyezi ingapo. Muyeso wanga ndi umodzi: kodi mnzanu wophunzira naye amalimbana nanu zenizeni, kapena amangoima kudikira kuti mumalize zomwe aphunzitsi anena?

Karate ndiye ambiri amamudziwa. Kwawo ndi ku Okinawa, chilumba cha ku Japan, ndipo mphunzitsi Gichin Funakoshi anakamuonetsa ku Tokyo mu 1922. Amaphunzitsa kudzigwira, kuima molimba ndi kuyeza mtunda pakati pa inu ndi mdani. Chomwe chimandidandaulitsa n'chakuti m'magulu ena nthawi yonse imathera pa kata, kumenya mphepo. Theche lakumutu ndi lokongola pabwalo, koma pamatope a ku Angónia m'dzinja mudzaterereka nokha mdani asanakukhudzeni. Ngati aphunzitsi amakumenyanitsani awiriawiri sabata iliyonse, khalani pomwepo. Ngati satero, lamba wakudayo angokupatsani mtima wonyenga.

Kwa mdani wosanyamula chida, nkhonya ndimaziika patsogolo. Mwezi usanathe mumakhala mutalawa chibakera cha pamphuno, n'kuphunzira kusatsinzina, kuzinda ndi kuyendetsa miyendo. Mphindi zitatu za chigawo chimodzi m'kutentha kwa ku Tete zimakuuzani mpweya womwe muli nawo, ndipo mpweya womwewo ndi womwe mudzathawire. Zida zake n'zochepa: magolovesi, chingwe cholumpha ndi thumba lomenya. Achemwali musati n'zachimuna. Alcinda Panguana ndi Rady Gramane, ana a Mozambique, anabwera ndi mendulo ya siliva ndi ya bulonzi kuchokera ku mpikisano wa dziko lonse ku Istanbul mu 2022. Zofooka zilipo ndithu. Wankhonya akagwidwa m'chiuno amasowa pogwira, ndipo kumenya mutu wa munthu wopanda magolovesi kumathyola timafupa ta m'dzanja. Pophunzira musamaponyerane zamphamvu kumutu tsiku ndi tsiku, ubongo subwerera.

Judo, yomwe Jigoro Kano anayambitsa mu 1882, imatseka mpata wa kugwidwa m'chiuno uja. Ndewu za pamsika, kaya pa Kwachena kaya pa Domwe, zimayamba ndi kugwirana malaya, ndipo wajudo amakhala ali pakwawo: kukoka, kutchera ndale, munthu chagada. Imaphunzitsanso kagwedwe kosavulaza mutu, luso lomwe wakabaza aliyense angalifune ngakhale asadzamenyane ndi munthu. Koma imafuna matiresi, ndipo mukamugwetsa mdani musamutsatire pansi, anzake adzakupondani.

Krav Maga, luso lodziteteza la ku Israel, maganizo ake ndi abwino. Imi Lichtenfeld anayamba nayo m'ndewu za m'misewu ya Bratislava m'zaka za m'ma 1930, n'kudzaphunzitsa asilikali a Israel kuyambira 1948: ona ngozi msanga, menya pofewa, choka. Tsoka lake ambiri a ife timaionera pa YouTube ndi TikTok, pomwe wobaya amatambasula mkono kamodzi n'kuuma ngati chitsa kuti amulande mpeni.

Pa mpeni ndiye pamene ndikufuna mundimvetse, anzanga. Pa zinayizi palibe yomwe ingakulonjezeni kutuluka wopanda bala. Yesani nokha: valani malaya oyera, mnzanu atenge cholembera chachikulu chofiira, mumuuze akubayeni nacho ndi mtima wonse kwa masekondi khumi. Ife titayesa, aliyense, ndi wa lamba wakuda yemwe, anatuluka ali mizeremizere pamimba ndi m'mikono. Akuluakulu anati mwamuna mnzako n'pachulu, umalinga utakwerapo. Wobaya weniweni amakugwirani ndi dzanja limodzi, linalo likulowa ndi kutuluka cham'munsi, ndipo ambiri obayidwa amayesa amenyedwa chibakera mpaka ataona magazi. Mtunda nawo sukutetezani monga mukuganizira: wapolisi wa ku Salt Lake City, Dennis Tueller, anaonetsa mu 1983 kuti wa mpeni amatha mamita oposa 6 pa sekondi imodzi ndi theka.

Choncho gulu labwino pa nkhani ya mpeni ndi lomwe limakuyesetsani kupereka foni kapena makiyi osatsutsa, kuthamangira kowala komwe kuli anthu, ndi kuika chinthu pakati: chisoti cha njinga, chikwama, mpando, njinga yomweyo. Kugwira mkono wa mpeni ndi manja onse awiri n'kwa amene wapanikizidwa pakhoma, kapena ali ndi mwana woti sangamusiye. Liphunzitsenso kuletsa magazi, chifukwa mtsempha waukulu wa pantchafu ukaduka munthu amatha m'mphindi zochepa. Pindani kapulana kapena malaya, kanikizani pabala mwamphamvu osaleka, ndipo mpeni ukatsalira m'thupi musauzule mpaka kuchipatala.

Amene ali ndi madzulo awiri okha pasabata ayambe nkhonya. Akapeza gulu la judo pafupi, awonjezere. Cholembera chofiira chija muzipita nacho ku gulu lililonse lomwe mwalowa, aphunzitsi akakana kuti muyesere pamaso pawo, fufuzani kwina.