Mahedifoni a USB okhala ndi maiki: ndemanga kwa amayi ogwirira ntchito pakhomo

Nyenyezi 4 pa 5.

Awa ndi mahedifoni a chingwe, olumikiza pa USB ya laputopu, okhala ndi maiki yopindika komanso batani lotsekera mawu. Atagwira ntchito miyezi 6 pa Zoom ndi Teams, mapulogalamu ochitira misonkhano pa intaneti, mawu akumvekabe bwino. Safuna kutchaja, zomwe zimathandiza magetsi akamavuta.

Maiki yake imachepetsa phokoso losalekeza, monga la fani kapena chigayo chakutali. Koma mwana akalira, tambala akakokoliko, kapena mbale ikagwa kukhitchini, anzanu pamsonkhano amva ndithu, chifukwa phokoso ladzidzidzi limadutsa. Ikani maiki pambali pa kamwa, mpata wa zala ziwiri. Ikakhala kutsogolo kwenikweni, amamva kupuma kwanu. Mu Zoom, pitani pa Audio musankhe dzina la mahedifoniwa, apo ayi laputopu ikhoza kumagwiritsabe maiki yake, ndiye makambirano onse a pakhonde alowa mu msonkhano.

Ubwino wina sulembedwa pa katoni. Mayi akakhala pakhomo masana, ana, aneba ngakhale apongozi amaona ngati ali ndi mpata: wina akufuna mchere, wina "odi" kudzacheza. Mahedifoni akakhala kumutu, amaoneka patali, ndipo ana amazolowera msanga kuti amayi ali kuntchito. Tizomvera tating'ono ta Bluetooth sitichita zimenezi, timabisika m'tsitsi.

Vuto lili pomwepo. Otseka makutu onse awiri amakutsekerani ndi kulira kwa khanda m'chipinda china kapena ndiwo zikamapserera pa mbaula. Ngati mulibe wolera masana, gulani a khutu limodzi, kapena sunthani mbali imodzi kuseri kwa khutu.

Chitsulo cha pamutu chimathina pa mesh yokhuthala ndi pa duku. Pakatha maola awiri mutu umayamba kuwawa, ndiye chitambasuleni mpaka pamapeto. Tizikopa ta m'makutu timatenthetsa mu Okutobala, ndipo mafuta a tsitsi amatisupula msanga. Pukutani ndi kansalu konyowa pang'ono madzulo. Chingwe chimayambira kuduka pafupi ndi pulagi, makamaka kamwana kakamachikoka, choncho musachisiye chikulendewera patebulo.

Pa foni salowa popanda kolumikizira ka OTG, kachipangizo kolumikiza pulagi ya USB ku foni. Kaguleni pamodzi, chifukwa batire ya laputopu ikatha, msonkhano umapitirira pa foni.