Chipukuta misozi cha UN kwa mabanja a asilikali: ndondomekoyi ikuthandiza bwanji?

Msilikali wa Malawi akafa ali pa ntchito yosungitsa mtendere pansi pa United Nations (UN), monga ku mishoni yake ya MONUSCO m'dziko la DRC, banja lake liyenera kulandira chipukuta misozi. Ndondomeko yake ili ndi zabwino zake, koma imatopetsa anamfedwa kuposa mmene iyenera.

Ndalama yake ndi madola 77,000 a ku America. Idali 50,000 kuyambira 1997, idakwera kufika 70,000 mu 2010, kenaka 77,000 mu 2018. Chabwino chachikulu n'chakuti siiona udindo kapena dziko. Praiveti (msilikali wa udindo wotsikitsitsa) wa ku Malawi ndi mkulu wa asilikali wa dziko lolemera amawerengeredwa chimodzimodzi. Apa tiwayamikire. Koma ndalamayi ndi yochepa. Mu 2022 UN idayamba kupatsa boma madola 1,448 pamwezi pa msilikali aliyense, choncho chipukuta misozi chonse chikungofanana ndi ndalama za zaka zinayi ndi theka. Mwana wosiyidwa ali ku mkaka wa m'mawere adzafika ku sekondale zitatha kalekale.

Vuto lenileni lili panjira. Mayi wamasiye sangapemphe yekha ku UN. Imfa ikachitika, akuluakulu a mishoni amatumiza uthenga kulikulu la UN ku New York, ndipo kafukufuku amachitika kuti adziwe ngati imfayo idadza chifukwa cha ntchito. Kenaka boma ndilo limalemba pempho, kudzera ku ofesi ya kazembe wathu ku UN, litaphatikizapo kalata yotsimikiza imfa ndi malipoti a madokotala. UN idadziikira malire a miyezi itatu, koma miyeziyo imayamba kuwerengedwa pempho likafika, osati tsiku la maliro. Pepala limodzi la chipatala likasowa, fayilo imangokhala. Imfa ya matenda ndiyo imavuta koposa, chifukwa akapeza kuti munthuyo adapita ku mishoni akudwala kale nthendayo, pempho likhoza kukanidwa. Chimodzimodzinso ngati imfa idadza chifukwa cha kusasamala kwakukulu kapena kuphwanya malamulo mwadala.

Ndalama zikatuluka zimapita ku boma, osati ku akaunti ya banja. Apa ndi pamene anamfedwa amakhala mumdima, osadziwa ngati zidafika kapena ayi. Funsani nambala ya fayilo ndi tsiku limene pempho lidatumizidwa, ndipo yankho likhale lolembedwa. Musasokonezenso ndalama iyi ndi za penshoni kapena zina zimene boma limapereka wantchito wake akamwalira, zimenezo n'zapadera.

Pali kusalungama kwina kumene ambiri sakudziwa. Praiveti Chancy Chitete, amene adafa kudera la Beni ku DRC mu Novembala 2018 akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania, adali pansi pa UN, ndipo mu 2019 adalemekezedwa ndi mendulo ya UN ya kulimba mtima kwapadera yotchedwa Captain Mbaye Diagne. Koma asilikali athu amene adapita kum'mawa kwa DRC pansi pa mishoni yotchedwa SAMIDRC, kumene ena adaphedwa mu Januwale 2025, adatumidwa ndi SADC. Ndondomeko ya UN siikhudza mishoni yotero. Nkhondo ndi yomweyo, yunifolomu ndi yomweyo, koma njira ya chipukuta misozi ndi ina.

Kunyumba nako mavuto alipo. Achibale a kuchimuna akamva za madola, mkangano umabuka. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Msilikali aliyense asananyamuke alembe wilo, akonze mayina a olandira pa mafomu a kuntchito, makamaka ngati adakwatiranso, ndipo asiye makope a kalata ya ukwati ndi zikalata za kubadwa kwa ana m'manja mwa mkazi wake. Mkangano ukabuka, pitani kwa DC kapena ku ofesi ya Administrator General, yoyang'anira chuma cha masiye, msanga, ndalama zisanagawidwe.